Tsiku Limene Ndinabweretsa Aphunzitsi kwa Azakhali

Ndinakulira m'komboni ya munda wa tiyi ku Honde, chakufupi ndi Samanga, m'nyumba ya azakhali anga. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zisanu, abambo n'kupita kumigodi osabwereranso, choncho mlongo wawo ndiye ananditola n'kundiphatikiza pa ana awo atatu. Agogo athu anachokera ku Mulanje wapansi kudzathyola tiyi kuno, ndipo ife tonse tinabadwira m'komboni momwemo, m'nyumba tikulankhula Chinyanja, panja Chishona. Kusukulu anzathu ankatinena kuti mabhurandaya, dzina lonyoza ife obwera, moti ndinaphunzira ndili wamng'ono kuti munthu akandifunsa kwathu ndizingoti ku Mutare.

Ku yunivesite ku Harare ndinkafuna kuchita zamalamulo, koma magiredi anga sanafike. Anandiponya ku maphunziro a Agiriki ndi Aroma akale, kumene malo sankadzaza chaka chilichonse. Ndinalira sabata yathunthu. Kenako, ine ndemwe osazindikira, Chilatini chinayamba kundikoma. Ndinkakonda mmene mawu ake amasinthira kumchira, ndi mmene munthu umasakira mneni m'chiganizo chachitali mpaka kukamupeza atabisala kumapeto. Azakhali akandifunsa zimene ndikuphunzira ndinkati ndi chilankhulo cha anthu amene anatha kalekale. Ankapukusa mutu n'kunena kuti bola ndizikhoza.

M'chaka changa chachitatu tinatsala ophunzira anayi okha. Kukoleji ina ya m'dziko momwe muno kunali asanu, ndipo akuluakulu ankaopseza kuti atseka maphunzirowa konsekonse. Pofuna kupulumuka, aphunzitsi anagwirizana kuti makoleji atatu aziphunzitsa pamodzi: yathu, inayo, ndi ina ya kutsidya kwa nyanja. Lachitatu lililonse masana tinkakhala m'kachipinda kotentha, maso ali pa kanema wa pakhoma, pomwe nkhope za anzathu zinkaoneka m'timabokosi. Aphunzitsi anali atatu. Athu anali bambo wodekha wa imvi, amene ankavala jekete ngakhale mu Okutobala. A kukoleji inayo anali bambo wachinyamata wongobwera kumene ndi digiri yaikulu, ndipo tonse tinkangowatchula kuti adokotala. Wachitatu anali mayi wa kutsidyako, amene sindinamuonepo kwina kulikonse koma pakanema. Abambo awiriwa sankamwerana madzi, ndipo aliyense ankalimbikira kuti mayi uja aone kuti wanzeru ndi iyeyo.

Wophunzira aliyense ankayenera kuchita kafukufuku wakewake n'kudzamufotokoza pamsonkhano wa makoleji onse kumapeto kwa chaka. Teremu imeneyo tinkawerenga zimene eni minda a ku Roma analemba za ulimi: nthawi yodulira mphesa, chakudya cha ng'ombe, chakudya cha akapolo, ntchito za kapitawo, yemwenso anali kapolo. Ana a kutsidya aja ankalankhula mofulumira ndi mosaopa, ngakhale tsiku limene sanawerenge. Ife tinkangokhala duu. Zinkandiwawa, chifukwa pomasulira ndinkawaposa onse.

Tsiku lina mayi uja anafunsa ngati pali wina amene anaonapo munda waukulu wa antchito ambiri. Dzanja langa linakwera lokha. Ndinanena za komboni, za belu la m'mamawa, za mzere wa pasikelo, za nyumba imene amakutulutsamo ntchito ikakuthera. Nditaona mayi uja akuyandikira kamera yake ndinayamba kukokomeza. Ndinati kwathu anthu amabadwira m'munda n'kufera m'munda ngati akapolo a m'mabuku aja. Mawu akuti akapolowo ndinawatchula ndine, palibe anandikakamiza. Kalasi yonse inanditchera khutu, chinthu chimene chinali chisanachitikepo, ndipo potuluka aphunzitsi athu anandigwira chanza. Komboni imene ndinaibisa zaka zonse zija, tsikulo ndinaitulutsa chifukwa ndinaona kuti ili ndi msika.

Pofika sabata yotsatira nkhaniyo sinalinso yanga. Inali itasanduka kafukufuku wa makoleji atatu, wofananitsa minda ya Aroma ndi minda ya tiyi, ndipo panapezeka ndi galimoto yomwe yoti tikadzionere tokha. Aphunzitsi anandifunsa ngati ndikudziwa munthu wothyola tiyi amene angalole kucheza nawo. Ndinawaimbira azakhali n'kuwauza kuti aphunzitsi anga akufuna kudzaona kumene ndinakulira. Sindinanene zoposa pamenepo. Anakondwa kwambiri moti anauza amayi onse a kutchalitchi.

Tinapita Lamulungu lina mu Malichi, mvula itakata pang'ono. Tinali anayi: aphunzitsi athu, adokotala, ine, ndi mtsikana wina wa kukoleji inayo amene ankadziwa kugwira kamera. Titatsika mapiri aja n'kuyamba kuona nthochi ndi tiyi wobiriwira mpaka kukakumana ndi mitambo, adokotala anati malo ngati amenewa ndi ofunika kumangapo nyumba yopumulirako.

Tinapeza azakhali atangoweruka kutchalitchi, ali mu yunifolomu yawo ya amayi a mvano, bulawuzi yoyera mbee, duku lomangidwa bwino. Pansi anali atapaka polishi wofiira mpaka kuwala. Anapha nkhuku n'kuphika mpunga, zimene kwathu zinkachitika pa Khirisimasi pokha. Anagwada popereka moni. Adokotala atagwirana nawo chanza anatulutsa kabotolo m'thumba n'kupaka mankhwala m'manja, azakhali akuona. Chakudya chitafika onse anati anadya kale panjira, n'kutsegula mabotolo awo a madzi. Mbale zinabwerera zovundikira mmene zinadzera.

Kenako panatuluka pepala lachilolezo, masamba atatu a Chingerezi. Ndinayenera kuwamasulira lonse, koma ndinangoti ndi pepala losonyeza kuti alola kucheza ndi alendo. Adokotala anali atabweretsa inki yodindira chala. Azakhali anaiyang'ana, n'kupempha bolopeni, n'kulemba dzina lawo pang'onopang'ono m'zilembo zolumikiza zimene anaphunzira kusukulu ya mishoni. Chishona amachidziwa ngati madzi akumwa, ndipo akanatha kucheza ndi abambo awiriwo popanda ine, koma adokotala anati azilankhula Chinyanja chokhachokha kuti zimveke kuti ndi anthu obwera. Choncho mawu onse ankadzera pa ine.

Mtsikana wa kamera anati yunifolomuyo sikugwirizana ndi nkhani yathu. Aphunzitsi anavomereza, n'kundipempha kuti ndiwauze azakhali avale za kuntchito, abereke dengu.

"Lamulungu ine sindibereka dengu, mwanangu," anatero azakhali. "Ukudziwa iwe."

Aphunzitsi anafunsa kuti akuti chiyani. Ndinati akuchita manyazi. Ndinatembenukira kwa azakhali n'kuwanyengerera kuti n'zakanthawi kochepa, kuti kukhoza kwanga kuli pamenepa. Anandiyang'ana kanthawi, n'kulowa kuchipinda. Anatuluka atavala apuloni ya pulasitiki yong'ambika m'mbali ndi juzi ya malemu amuna awo, dengu lili kumsana. Nsapato anavala, koma mtsikana uja anati zikuoneka zatsopano kwambiri, ndiye anavula.

Mayi wa kutsidya ankafuna kukhalapo nawo, choncho tinanyamula kompyuta kupita nayo kuseri kwa nyumba, pachulu, pamene netiweki imagwira. Tinaiika pampando umene azakhali anali atatulutsira alendo, azakhaliwo n'kukhala pansi moyang'anizana nayo. Amayi a mvano amene anabwera kudzaona aphunzitsi a mwana wa mnzawo anaima chapatali m'mayunifolomu awo, akuonerera mnzawo ali ndi dengu Lamulungu.

Mafunso anali olemberatu, aphunzitsi atatuwo akufunsa mosinthana, ine ndikumasulira uku ndi uku. Kodi anamenyedwapo? Ayi. Kodi anaganizapo zothawa? Azakhali anaseka n'kufunsa kuti athawire kuti, poti kwawo n'konkuno. Kodi amadziona ngati kapolo? Funso limeneli ndinalifewetsa, ndinati kodi ntchito imawawa. Anayankha kuti palibe ntchito yosawawa, n'kuyamba kufotokoza mmene amathyolera: masamba awiri ndi kansonga, manja onse awiri nthawi imodzi, maso osayang'ana pamene ukuthyola koma pamene ukupita. Anati m'zaka zawo zamphamvu panalibe mkazi wowaposa pasikelo m'chigawo chonsecho. Nkhope yawo inawala ponena zimenezi. Ndinaona adokotala akuyang'ana wotchi, ndipo zonsezo ndinazifupikitsa m'chiganizo chimodzi.

Ndiye mayi uja anafunsa kuti amayi a ana aang'ono ankatani nawo anawo nthawi ya ntchito. Azakhali poyankha sankayang'ana kompyuta, ankayang'ana ine. Anati asanabadwe ana atatu amene ndinakula nawo kunali wina, wamkazi, wa miyezi isanu ndi iwiri. Mwanayo anadwala malungo m'nyengo ya mvula, tiyi atachuluka. Anapempha tsiku loti apite naye kuchipatala, kapitawo wa nthawi imeneyo n'kuwauza kuti amene sabwera mawa asadzabwerenso. Anamumangirira pachifuwa, poti kumsana kunali dengu, n'kumufunditsa pulasitiki. Mwanayo analira m'mawa wonse, chakumasana n'kutonthola, ndipo iwo anathokoza Mulungu kuti wagona. Ali pamzere wa sikelo, pofuna kumuyamwitsa, m'pamene anazindikira kuti wamwalira.

Ine nkhani imeneyi ndinali ndisanaimvepo. Ndinakhala m'nyumba imeneyo zaka khumi ndi zisanu osadziwa kuti kunali mwana wotero. Misozi inkatsika m'masaya mwawo osaipukuta, ine ndikumasulira chiganizo ndi chiganizo. Nditamaliza tinaona kuti nkhope ya pakompyuta yauma, kukamwa kuli yasa. Netiweki inali itaduka.

Itabwerera, mayi uja anapepesa kwambiri. Anati anamva mpaka pamene mwana anadwala, n'kupempha ngati azakhali angabwereze kuyambira pamenepo. Ndinayang'ana aphunzitsi athu, ndikuyembekeza kuti anena kuti amufotokozera okha pambuyo pake. Anangondigwedezera mutu kuti ndipitirize.

"Akuti mubwereze, azakhali. Sanamve."

"Ndinenenso zomwe zija?"

"Eya. Netiweki inaduka."

Anapukuta nkhope ndi m'mphepete mwa juzi, n'kunenanso zonse, mawu ali ouma ngati akuitana mayina a anthu pasikelo. Mtsikana wa kamera ananong'oneza adokotala kuti ulendo woyamba ndiwo unali wabwino, kungoti tambala analira pakati. Adokotala anafunsa ngati n'kotheka kachitatu. Apa pokha ndinati ayi, atopa. Sindikunena izi modzitama. Ndinakana kachitatu nditalola kachiwiri.

Potsanzikana azakhali anaika nkhuku ija m'kontena kuti tikadye panjira. Tisanafike n'komwe pamsewu wa tala, abambo awiriwo anali atayamba kukangana kuti kanemayo asungidwa kukoleji iti. Aphunzitsi athu ankati wophunzira ndi wawo, adokotala ankati kamera ndi yawo. Palibe anatchulako mwana uja. Kontena inakhala pamiyendo panga mpaka ku Harare, ikunditentha, kenako n'kuzizira.

Pankafunikanso kapitawo, poti m'mabuku aja kapitawo ali ndi gawo lalikulu. Ndinali ndi amalume, mlongo wa malemu amayi, amene anagwira ukapitawo zaka zambiri kumunda wina wa tiyi ku Chipinge, n'kupuma, n'kukakhala pa kamunda kawo chakufupi ndi nkhalango ya Chirinda. Patapita masabata awiri tinapita kumeneko anayi omwe aja. Kumeneko netiweki inkangokwanira kuimba foni basi, choncho mayi uja sanakhale nawo.

Amalume anatilandirira pansi pa mtengo wa mapeyala. Sanaphe nkhuku. Anali atamva kale zonse, poti mwana wamkulu wa azakhali anawaimbira foni. Pepala lija anati ndiwawerengere lonse, mawu ndi mawu, ndipo zinatenga nthawi. Nditafika pamene pankati makoleji angagwiritse ntchito zithunzi ndi mawu pophunzitsa mpaka kalekale, anandiimitsa n'kufunsa ngati pamenepo ndinawawerengeranso azakhali. Ndinati ayi.

Chinyanja amalume anakana kulankhula. Anauza alendo m'Chindau cha kumeneko kuti kucheza sakukana, koma pakhale kusinthana: alendo funso limodzi, iwo funso limodzi. Aphunzitsi anaseka n'kuvomera, poganiza kuti ndi nthabwala za munthu wokalamba. Adokotala anafunsa ngati anakanizapo munthu wodwala kupita kuchipatala. Amalume anati eya, kangapo konse, chifukwa nawonso anali ndi wina pamwamba pawo wowerenga madengu, ndipo nkhope za anthuwo amazikumbukira mpaka lero. Kenako amalume anafunsa adokotala ngati ali ndi wantchito wa m'nyumba, ndipo ngati alipo amagona pati, ndipo mwana wake akadwala amatani. Adokotala anati zimenezo sizikukhudzana ndi kafukufuku. Amalume anati basi, ndiye kuti kucheza kwathera pomwepo, n'kudzuka. M'lipoti lathu munalembedwa kuti munthu wachiwiri sanafune kuthandiza.

Alendo akupita kugalimoto, amalume anandiitanira kuseri kwa khola la mbuzi. Anandiuza kuti ife titachoka ku Honde azakhali sanapite kuntchito masiku atatu, munthu amene sankajomba ngakhale akudwala. Anati nkhani ya mwanayo akuluakulu onse a pabanja ankaidziwa, ndipo palibe ankaitchula chifukwa mwini wake sankaitchula.

"Anaiulula chifukwa wofunsa unali iwe," anatero. "Ankayesa akuuza mwana wawo. Iwe unali pantchito."

Ndinalira, ndipo sananditonthoze. Anadikira mpaka nditamaliza, n'kundiuza kuti ndifulumire, alendo anga akundidikira.

Munthu wamutu akanasiyira pomwepo. Ine ndinapitiriza, chifukwa chaka chinali chitapita kutali ndipo kafukufuku wina ndinalibe. Lachitatu lililonse tsopano tinkaphunzira azakhali. Mawu awo anagawidwa m'timagulu, gulu lililonse likhale ndi wophunzira wa koleji iliyonse, poti ndiwo unali mgwirizano wake. Gulu lina linatha ola lathunthu likukangana kuti dengu lawo likufanana ndi liti mwa madengu a Aroma. Ine anandipatsa ntchito yolemba mawu a Chingerezi oti azioneka pansi pa kanema, choncho malo aja a pamzere wa sikelo ndinawabweza maulendo osawerengeka, ndikusaka mawu oyenera, mpaka ndinkatha kuwamvetsera uku ndikudya. Ndinalemba masamba makumi atatu, Chilatini chake chosalakwika ngakhale pamodzi.

Msonkhano unachitikira m'holo ya kukoleji inayo, a kutsidya akuonerera pakanema. M'mawa wonse abambo awiri aja anakangana kuti chizindikiro cha koleji iti chikhale koyambirira pa chinsalu. Kanema womalizidwa ndinamuona koyamba limodzi ndi anthu onse. Anali wosokerera: nkhope yolira ya ulendo woyamba, mawu a ulendo wachiwiri amene analibe tambala, ndi kanyimbo kachisoni chapansipansi. Za masamba awiri ndi kansonga anadula. Pansi pa nkhope ya azakhali, m'malo mwa dzina, analembapo mawu a Chilatini otanthauza kapolo wamkazi. Mapazi awo opanda nsapato anawaonetsa pafupi kawiri konse.

Ndinaimirira n'kuwerenga pepala langa. Mawu anga sananjenjemere ngakhale pang'ono, ndipo chimenechi chimandinyansa kuposa zonse. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. Wophunzira wina wa kutsidya anati sanakhudzidwepo chonchi m'kalasi iliyonse. Pa nthawi yopuma anabweretsa tiyi ndi mabisiketi, anthu n'kumatakasa shuga uku akukambirana ngati mayi wa m'kanemayo akuzindikira yekha kuti ndi kapolo. Bambo wina amene sindinkamudziwa anandifunsa kuti ndinamupeza bwanji mayi wothandiza chonchi. Ndinati ndi wa kwathu. Sindinati ndi azakhali anga. Ndinapatsidwa giredi yoposa onse m'makoleji atatuwo.

Ndinadikira mpaka zotsatira zitatuluka, giredi ili m'manja, m'pamene ndinapita kwa aphunzitsi athu kukapempha kuti kanemayo afufutidwe. Anandimvetsera mwaulemu, n'kunena kuti akumvetsa, koma kanemayo ndi wa makoleji onse atatu ndipo imodzi siingachite kanthu payokha, choncho ndilembere adokotala. Adokotala anayankha patapita mwezi kuti pali pepala losainidwa, ndipo osunga zonse ndi a kutsidya. Mayi uja anandilembera kalata yaitali yokoma, yodzaza ndi kuyamikira kulimba mtima kwa azakhali, n'kumaliza ndi mawu akuti nkhaniyi agamule anzake a kuno, poti iye safuna kulamulira anthu a dziko la eni. Ndinazungulira chonchi katatu. Pophunzitsa ndi polandira ulemu anali atatu, koma pofufuta aliyense anali yekhayekha, wopanda mphamvu.

Pa holide ya Khirisimasi ndinapita ku Honde n'kuwauza azakhali zonse, ndi mawu aja a pansi pa chithunzi omwe. Anali akusenda chinangwa pakhonde, ndipo sanasiye. Anafunsa ngati anthu amene amaonerawo amawadziwa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinakhoza. Ndinati eya.

"Ndiye chabwino," anatero. "Koma ukadzafunanso nkhani yopita nayo kwa anthu, udzatenge yako."

Sanandikalipire, sanandithamangitse, ndipo mpaka lero ndikapita amandilandira. Kungoti tikatsala awiri amandiuza za mvula, za amene wakwatiwa ndi amene wamwalira, basi. Ndikafunsa za kale amati aiwala.

Tsopano ndimaphunzitsa Chingerezi ndi mbiri pasukulu ina ya sekondale ku Chipinge. Chilatini ndimawerengabe ndikapeza mpata, ndipo chimandikomabe, ngakhale ndikanakonda chitandinyansa. Maphunziro ogwirizana aja akupitirira, ndamva kuti makoleji ake tsopano ndi asanu, ndipo kanemayo amaonetsedwa sabata yoyamba ya chaka chilichonse. Chaka chatha ndinalandira uthenga kuchokera kwa mtsikana wina wa chaka chachitatu. Anati waona kanemayo, wakhudzidwa kwambiri, ndipo aphunzitsi amulangiza kuti achite kafukufuku wotsatira, wofuna kuona mmene mayi uja akukhalira masiku ano. Ankapempha nambala ya foni. Anawonjezera kuti nayenso ndi mwana wa m'komboni, wa kumunda wa khofi, choncho ndisade nkhawa, akamvana bwino.

Ndinamuyankha kuti nambala sindimupatsa, ndipo ndinamulembera zonse zimene ndalemba panozi, osabisa ngakhale mbali yanga. Anandithokoza mwaulemu. Patapita masabata atatu ndinamva kwa mnzanga wina wa ku Harare kuti mtsikanayo wasintha mutu wa kafukufuku wake, ndipo iye ndi aphunzitsi anyamuka kale kupita kwa agogo ake.